Masika Athu, Masika Awo

Amayi athu akhala m'mphepete mwa nyanja moyo wawo wonse. Anabadwira ku Nkhotakota, anakwatiwira komweko, ndipo bambo athu atatisiya tinawatenga kuti adzakhale nafe kuno ku Karonga, kumene takhala tikuphunzitsa ana pa madrasa kwa zaka zoposa khumi. Nyanja ino amaidziwa monga amadziwira bwalo la nyumba yawo. Koma panali nyanja ina imene ankangoimva m'nkhani za agogo awo, nyanja ya mchere, imene akale ankaitchula kuti ya ku Pwani. Tsiku lina titamaliza swala ya Maghrib, ananena motsitsa mawu, ngati akudziyankhulira okha, kuti akanakonda kulawa madzi ake Mwini wake asanawaitane.

Mawu amenewa tinawafikitsa kwa mng'ono wathu amene amagwira ntchito ku Durban, ndipo sanawatenge mopepuka. Kwa zaka ziwiri ankatumiza kangachepe mwezi ndi mwezi, ife tikuwonjezera za mpunga wa kilombero wa pakamunda kathu, mpaka ndalama zinakwana zoti anthu asanu ayende: amayi, ife, akunyumba ndi ana awiri aang'ono. Pakhomo ngati pathu ndalama zotere zimapezeka kamodzi pa moyo. Ulendo ukalephereka, palibe thumba lina lokatapamo.

Mng'ono wathuyo anayamba ndi kutiitanira kumene ali. "Achimwene, bwerani nawo mu Disembala," anatero pa foni, "kuno kumakhala summer." Mawu a Chingerezi amenewa ambirife timawamasulira kuti chilimwe, ndipo apa ndi pamene chisokonezo chimayambira. Chilimwe chathu ndi cha Sepitembala, Okutobala ndi Novembala, nthawi ya fumbi, mango akupsa, thambo lopanda mtambo, usiku anthu a ku Karonga akugona pakhonde chifukwa cha kutentha. Ku Durban mwezi wa Disembala ndi wa mvula ya mabingu ndi chinyezi chomata zovala pathupi. Ku Cape Town, dziko lomwelo, miyezi yomweyo ndi youma, koma ya mphepo yamphamvu, ndipo madzi a nyanja ya kumadzulo kwake ndi ozizira moti mwana wa kuno sangakhalemo nthawi yaitali. Wophunzira wathu wakale amene ali ku England akanena mawu omwewo amatanthauza Juni, Julayi ndi Ogasiti, miyezi imene ife timafunda mabulangete. Dziko lapansi limazungulira dzuwa litapendekeka, choncho kumpoto kukamatentha kumwera kumazizira. Mawu ndi amodzi, koma nyengo zake ndi zinayi kapena zisanu.

Ku Durban tinakukana pa chifukwa china. Ndi ulendo wa masiku angapo pa basi, ndipo miyendo ya amayi imatupa akakhala pansi nthawi yaitali. Tinasankha Zanzibar, chisumbu chimene eni ake amachitchula Unguja. Kwa munthu wa ku Karonga njira yake ndi yodziwika: makilomita pafupifupi 45 kukafika pa chipata cha Songwe, kuwolokera ku Kasumulu, kukwera mapiri a Tukuyu mpaka ku Mbeya, kenako basi ya tsiku lonse kudzera ku Iringa ndi Morogoro mpaka ku Dar es Salaam, ndipo kuchokera pamenepo boti la maola awiri. Ndi dziko la Asilamu anzathu, kumene adhana imamveka m'makwalala ndipo munthu safunsa kawiri za nyama imene akudya.

Chinatsala ndi kusankha mwezi, ndipo tinausankha monga amasankhira anthu ambiri, poyang'ana kalendala ya ntchito ndi thumba la ndalama. Idi ya chaka cha 2024 inali kugwa m'sabata yachiwiri ya Epulo, madrasa ikhala yotseka, ndipo mitengo ya malo ogona imene tinaiona pa intaneti inali yotsika kwambiri mwezi umenewo. Zithunzi zake zinali za mchenga woyera ndi thambo lobiriwira. Tinaimbira foni mwini nyumba ina ya alendo, ndipo m'Chiswahili chathu chotolatola tinamufunsa chifukwa chake mtengo unali wabwino chotero. Anayankha mosabisa kuti ndi nthawi ya masika. Tinathokoza, tinatumiza chikole, ndipo tinauza amayi kuti tikupita nthawi ya masika.

Owerenga amene anakulira ku Nkhotakota, ku Salima kapena ku Mangochi amvetsa chimene tinamva. Kwa ife masika ndi nthawi ya mondokwa, maungu, mtedza wauwisi ndi nzimbe, mvula ikutsanzika, anthu akukonza nkhokwe. Tinaganiza kuti zinthu zatsika mtengo chifukwa chakudya chachuluka. Munthu uja sanatinamize. Ananena zoona m'chinenero chake, ife tinamva zoona za m'chinenero chathu.

Amene anatitsegula maso ndi bambo wina wachikulire wa pa mzikiti wathu, amene unyamata wake anali msodzi ku Kambwe, ndipo pambuyo pake anayenda zaka zambiri kukapikula katundu ku Kariakoo mu Dar es Salaam. Titatuluka ku Jumu'a tinamuuza za ulendo wathu tikuyembekezera kuti atiyamikira. Anaima n'kutiyang'ana.

"Mwalimu, mwati Epulo?"

"Inde, bambo. Akuti ndi masika."

"Masika a ndani?" Anaseka pang'ono, kenako nkhope yake inasintha. "Inu mumaphunzitsa ana athu, ndiye ndikuuzani mosapsatira. Kwa Aswahili masika ndi mvula yaikulu. Mukutenga mayi wokalamba kukamugoneka m'chipinda sabata yonse akumvera madenga akulira. Kodi munaonapo msodzi akukankha bwato asanayang'ane kumwamba?"

Tinakhala naye pamthunzi wa mtengo wa mango, ndipo anatiwerengera chaka cha ku Pwani pa zala zake. Kuyambira Disembala mpaka Malichi kumawomba kaskazi, mphepo yochokera kumpoto chakum'mawa, ndipo ndiyo nthawi yotentha kwambiri. Kuyambira chapakati pa Malichi mpaka Meyi ndi masika, mvula yaikulu, ndipo Epulo ndiye pachimake pake. Kuyambira Juni mpaka Sepitembala kumakhala kouma ndi kozizirirapo, pansi pa mphepo ya kusi yochokera kumwera chakum'mawa. Chakumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala kumabwera vuli, mvula yaing'ono yogwa n'kukata. Anatiuzanso kuti tisapite kutali pofuna umboni. Kuno kwathu komwe, pamene ku Lilongwe anthu ayamba kukolola, ife ku Karonga timakhala tikulimbana ndi North Rukuru, Lufilya ndi Songwe zitasefukira m'Malichi ndi m'Epulo. Tsidya la malire, ku Kyela ndi ku gombe la Matema, mvula ya Epulo imakhala yochuluka kuposa yathu. Tinali titaziona zimenezi chaka ndi chaka, koma chithunzi cha pa foni chinatiiwalitsa.

Tinachita manyazi, ndipo manyaziwo anali oyenera. Ndife ana a kunyanja. Timadziwa mwera, timadziwa mpoto, timadziwa vuma. Mwana wa zaka khumi wa ku Ngara akaona nyanja yada chakumwera amadziwa kuti lero usipa udula. Nzeru yonseyi tinaisiya pakhomo pamene tinayamba kuganiza za gombe la dziko lina, ngati kuti kunja kulibe nyengo. Akale anati safunsa anadya phula, ndipo ife tinatsala pang'ono kulidya titalipira ndi ndalama za zaka ziwiri.

Amene anatsegula njira ya pakati pa nyanja yathu ndi Pwani sankayenda chotero. Kwa zaka mazana ambiri zombo zamathanga zinkachoka ku Arabia ndi ku India ndi kaskazi, n'kudikira ku Unguja mpaka kusi iyambe kuti iwabwezere kwawo. Jumbe Salim bin Abdallah, amene anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ndi Mlozi, amene nkhani yake inathera kuno ku Karonga mu 1895, anali nthambi za malonda amenewo. Mbiri yake ili ndi minyanga ya njovu ndiponso misozi ya akapolo, ndipo sitiibisa kwa ana athu. Chimene tikutolapo pano ndi chimodzi chokha: aliyense woyenda m'njira imeneyo ankayamba wafunsa za mphepo ndi mvula, za mtengo zinkabwera pambuyo.

Chovuta sichinali kusintha tsiku ndi mwini nyumba ya alendo, ngakhale gawo lina la chikole linapita. Chovuta chinali kukauza amayi. Anali atachapa kale nsalu zawo ziwiri zatsopano n'kuzipinda m'chikwama. Tinawafotokozera zonse monga tinazimvera, n'kunena kuti tidikire mpaka Ogasiti. Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati: "Mwana wanga, ine ndine wa lero. Ogasiti mwamuona ndani? Mvula ndi madzi, ndipo ine ndinabadwira m'madzi. Tsiku ndi tsiku mumauza ana a eni kuti zonse zili m'manja mwa Allah, lero mwayamba kuopa mtambo?"

Mawu amenewa anatilasa, chifukwa mbali ina anali oona. Palibe amene akanatilonjeza kuti mayi wa zaka zoposa 70, wodwala kuthamanga kwa magazi, adzafika mwezi wa Ogasiti. Kudikira kunalinso ndi ngozi yake, ndipo ngozi imeneyo ikanagwa, tikanaisenza ife moyo wathu wonse. Usiku umenewo sitinagone bwino. Tinakumbukira nkhani imene timaphunzitsa ana chaka chilichonse, ya munthu amene anafunsa Mtumiki, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye, ngati amange ngamira yake kapena aisiye n'kudalira Allah, ndipo anauzidwa kuti achite zonse ziwiri. Kuiphunzitsa nkhaniyi n'kosavuta. Tsiku limenelo tinaona kuti kumanga ngamira nthawi zina kumatanthauza kukhumudwitsa munthu amene umamukonda koposa. Tinaswali Istikhara, tinakambirana ndi akunyumba ndi mng'ono wathu, ndipo tinaima pa Ogasiti. Amayi anatulutsa nsalu zija m'chikwama, ndipo kwa masabata awiri sanatchule za ulendowo.

Zimene zinachitika m'Epulo wa chaka chimenecho ambiri mukuzikumbukira. Mvula ya masika inagwa mopitirira muyezo ku Tanzania, mtsinje wa Rufiji unasefukira, ndipo chakumapeto kwa mweziwo nduna yaikulu ya dzikolo, a Kassim Majaliwa, anauza nyumba ya malamulo kuti anthu 155 anali atamwalira. Kumayambiriro kwa Meyi namondwe wotchedwa Hidaya anafika pa chisumbu cha Mafia, kumwera kwa Zanzibar, ndipo maulendo a maboti a pakati pa Dar es Salaam ndi Zanzibar anaimitsidwa. Kuno kwathunso nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete mwake. Sitinanene kwa amayi kuti mwaona, chifukwa imfa za anthu si umboni wopambanira mkangano wa pakhomo. Iwo okha ndi amene anati, tsiku lina akumvera wailesi, tiwachitire duwa anthu a ku Rufiji.

Kwa mabanja amene amalakalaka magombe a ku Mozambique, monga Pemba, Nacala, Ilha de Moçambique kapena Beira, nkhani ya anamondwe ndi yaikulu koposa. Nyengo yawo m'chigawo chino cha nyanja ya India imayamba m'Novembala n'kutha m'Epulo, nthawi imene madzi a nyanja amakhala atatentha, chifukwa madzi otentha ndiwo chakudya cha namondwe. Idai anagwetsa Beira m'Malichi 2019. Kenneth anagunda kumpoto kwa Pemba m'Epulo chaka chomwecho. Freddy, amene anatilira maliro ochuluka ku Blantyre, Phalombe ndi Mulanje m'Malichi 2023, analowera ku gombe lomwelo. Chido anafika ku Pemba pakati pa Disembala 2024. Miyezi imene zithunzi zimaitcha ya dzuwa ndi yomweyo imene namondwe amayenda.

Ogasiti anafika, ndipo alhamdulillah anawapeza amayi ali moyo. Koma bambo wa ku Kambwe uja sanatilole kupita tisanamvenso phunziro lachiwiri. Anati nyengo youma ili ndi mano ake. Mphepo ya kusi imene imathamangitsa mvula ku Pwani ndi yomweyi imene ife timaitcha mwera. Imachokera kumwera chakum'mawa, imawomba miyezi yomweyo, ndipo kulikonse kumene yadutsa pamadzi imautsa mafunde. Ife a kumpoto kuno sitiiwala sitima ya Vipya, imene inamira pa 30 Julayi 1946 chapafupi ndi Chitimba, anthu 145 n'kutaya miyoyo yawo. A ku Zanzibar nawo saiwala boti la Skagit, limene linagubuduzika pa 18 Julayi 2012 likuchokera ku Dar es Salaam nyanja itakalipa, ndipo anthu ambiri anamira. Nyanja ndi ziwiri, zaka zotalikirana, koma mwezi ndi umodzi.

Malangizo ake anali a msodzi. Kwerani boti la m'mawa, chifukwa mphepo imakonda kukula dzuwa likakwera. Musagule tikiti ya basi yobwerera ya tsiku lomwelo limene mukuwoloka, siyani tsiku limodzi lopuma kuti nyanja ikakana musakakamizike. Mverani machenjezo a nthambi yoona za nyengo ya ku Tanzania monga mmene timamvera a nthambi yathu akamalengeza za mwera pa wailesi. Mukaona boti ladzaza kupyola muyezo, tsalani padoko, ndalama ya tikiti si mtengo wa moyo. Anawonjezera kuti titenge mabulangete ndi majuzi, ife n'kuseka poganiza kuti akucheza, popeza tikupita kugombe.

Sankacheza. Titangochoka ku Kasumulu n'kuyamba kukwera mapiri a Tukuyu, kumene kuli minda ya tiyi ndi nthochi, chisanu chinalowa m'basi. Ku Mbeya, mzinda wokwera mamita pafupifupi 1,700, tinachita wudhu wa Fajr ndi madzi oluma zala, ana akunjenjemera. Ulendo wa kugombe umadutsa m'nyengo zingapo usanafike kugombeko, ndipo wokalamba kapena khanda akhoza kudwalira panjira chifukwa cha chisanu chimene palibe anachiwerengera. Tinafupikitsa ndi kuphatikiza swala monga aloledwera apaulendo, ndipo tinafika ku Dar es Salaam usiku, mpweya uli wofunda koma wopiririka.

M'mawa mwake tinakwera boti loyamba. Litangotuluka padoko linayamba kudumpha, ndipo pasanathe ola ana athu onse awiri anali atasanza, akunyumba atatseka maso. Tinayang'ana amayi tili ndi mantha. Anali atakhala mowongoka, tasbihi ili m'manja, akuyang'ana mafunde pa zenera. Anatikodola n'kunena kuti: "Uyu ndi mwera wakwathu uja. Watitsatira." Anali asanaiwale za masabata awiri aja, koma m'mawu awo munalibenso mkwiyo.

Tinagona usiku umodzi ku Stone Town, ndipo tsiku lotsatira tinapita ku Jambiani, mudzi wa kum'mawa kwa chisumbucho, kumene tinali titapeza malo. Tinafika dzuwa lisanafike pamutu. Amayi sanafune ngakhale kulowa m'chipinda. Tinawagwira dzanja kudutsa pakati pa mitengo ya kokonati mpaka pamchenga, ndipo pamenepo tonse tinaima kakasi. Nyanja kunalibe. Kutsogolo kwathu kunali chidikha choyera cha mchenga wonyowa, miyala ndi timadamu, ngalawa zitagona chammbali pouma, ndipo kutali kwambiri, kumene diso limalekezera, kunali kamzere koyera ka mafunde. Amayi anatiyang'ana n'kufunsa kuti: "Ndiye nyanja yanu ija ndi imeneyi?"

Ichi ndi chinthu chimene ngakhale bambo wa ku Kambwe anaiwala kutiuza, mwina chifukwa kwa iye chinali chodziwikiratu. Nyanja yathu imakwera ndi kutsika kamodzi pa chaka, motsatira mvula. Nyanja ya mchere imakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku, chifukwa mwezi umaikoka. Mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu, mphamvu yake imagwirizana ndi ya dzuwa, ndipo madzi amapita kutali kwambiri n'kubwerera okwera kwambiri. Aswahili nthawi imeneyi amaitcha bamvua, ndipo ku Zanzibar kusiyana kwa madzi okwera ndi ophwa kumapitirira mamita atatu. Ife tinafika pakati pa mwezi wa Safar, mwezi uli wathunthu. Taganizani, mphunzitsi amene amatsogolera ana kukayang'ana mwezi wa Ramadhani ndi wa Shawwal, amene angakuuzeni tsiku la mwezi osayang'ana pa khoma, sanaganize kuti mwezi womwewo ukhoza kumubisira nyanja. Pambuyo pake tinamva kuti magombe a kumpoto kwa chisumbucho, monga Nungwi ndi Kendwa, madzi sathawa kutali chotero.

Ana anafuna kuthamangira kumene kunali mafunde. Mayi wina amene ankachokera kumunda wake wa mwani, ndere za m'nyanja zimene amayi a ku Jambiani ndi ku Paje amalima pa zingwe madzi akaphwa, anawaletsa ndi dzanja. Anatifotokozera kuti madzi akamabwerera sabwera ngati mzere umodzi, amayamba adzaza makwawa ndi malo otsika, moti munthu amene wapita kutali amapeza madzi ali kale kumbuyo kwake. Anatisonyezanso tinyama taminga takuda tobisala m'miyala, n'kutiuza kuti ana asayende opanda nsapato. Mwana wa ku Karonga amasambira ngati nsomba, ndipo kulimba mtima kumeneko ndiko kungamupweteke m'madzi amene sawadziwa. Akunyumba anaonanso okha kuti zovala zazitali zimene amayi athu achisilamu amalowa nazo m'madzi zimalemera zikanyowa, ndipo m'mafunde okoka ndi bwino kusapitirira m'mawondo.

Tinabwerera pamthunzi kukadikira. Ngakhale inali nyengo yozizirirapo, dzuwa la masana pamchenga woyera linali lobaya, ndipo mwana wathu wamng'ono anasupuka khungu la pamapewa tsiku lachiwiri, chinthu chimene tinkaganiza kuti chimachitikira azungu okha. Tinadzifunsa kuti zikanakhala bwanji tikanabwera m'Febuluwale, nthawi ya kaskazi. Ife a ku Karonga timadzitama kuti kutentha timakudziwa, koma kwathu mu Okutobala thukuta limauma ndipo thupi limapumako. Ku Pwani mpweya umakhala wodzaza chinyezi, thukuta siliuma, ndipo mtima wa munthu wokalamba umagwira ntchito yowirikiza. Asilamu tonse tinaphunzira mowawa chaka chomwecho, pamene anthu oposa 1,300 anamwalira pa Hijja ya Juni 2024 kutentha kutapyola madigiri 50 ku Makka. Hijja ili ndi nthawi yake imene munthu sangaisunthe. Ulendo wokaona gombe tili ndi ufulu wousuntha, ndipo ndi kulakwa kusaugwiritsa ntchito ufuluwo.

Pali kalendala inanso imene banja lachisilamu liyenera kuiika pambali pa ya mphepo. Miyezi yathu imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, moti Ramadhani imazungulira nyengo zonse m'zaka pafupifupi 33. Zaka zino ikugwa m'miyezi ya dzinja lathu, imene ku Pwani ndi yotentha kwambiri, ndipo Idi zikubwera nayo limodzi. Amene anapita kugombe pa Idi zaka khumi zapitazo n'kupeza nyengo yabwino asaganize kuti Idi ya chaka chino idzampatsa zomwezo. Tchuthi cha Idi chimayenda, masika a ku Pwani sayenda.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Titaswali Dhuhr, kamzere koyera kaja kanayamba kuyandikira. Timadamu tinalumikizana, ngalawa zimene zinagona pouma zinayamba kudzuka imodziimodzi, ndipo pofika nthawi ya Asr madzi anali akumenya pamchenga pafupi ndi pamene tinakhala. Amayi anaimirira okha, osafuna dzanja la munthu. Analowa mpaka m'akakolo, anawerama, anatunga madzi ndi chikhatho n'kulawa. Anakwinya nkhope n'kulavula, ana akuseka.

"Amenewa sungaphikire nsima," anatero. "Yathu ija ndi yabwino." Kenako anatembenukira kwa ife. "Mwalimu, kodi amenewa munthu angachitire wudhu?"

Funso limeneli taliyankha kambirimbiri m'kalasi, pa mutu wa mitundu ya madzi, kwa ana amene sanaonepo madzi a mchere, ife eni tisanawaonenso. Tinawauza kuti inde, madzi a m'nyanja ya mchere ndi oyera ndipo amayeretsa. Anapinda manja a chovala chawo n'kuchita wudhu pomwepo, mosathamanga, ndipo tinaswali Asr pamchenga, banja lonse, mphepo ya kusi ikukupiza nsalu zawo zatsopano zija.

Anabwera nalo botolo la madziwo, ndipo lili pa shelefu m'chipinda chawo mpaka lero. Alendo akabwera amawalawitsa kadontho. Kuyambira nthawi imeneyo anthu angapo atipeza pambuyo pa Jumu'a, ena akufuna kupita ku Unguja, ena ku Pemba, ena kwa ana awo ku Durban, ndipo amayamba ndi kufunsa za mtengo wa basi ndi wa malo ogona. Timawauza zimene tikudziwa, koma tisanatero timawafunsa mwezi umene akufuna kuyenda, dzina limene eni dzikolo amaupatsa mweziwo, ndiponso msinkhu wa wamkulu ndi wamng'ono pa ulendowo. Akalephera kuyankha, timawaperekeza kwa bambo wa ku Kambwe, amene amakhala pamthunzi wa mango womwe uja mpaka nthawi ya Asr.